Lexicon, vocabulary, lexicology ndi lexicography: kusiyana kwake kuli pati?

Funso: Ndine wophunzira za ziyankhulo, chaka choyamba. M'mabuku omwe timawerenga ndikumakumana ndi mayina akuti vocabulary, lexicon, lexis, lexicology, lexicography, glossary, thesaurus ndi terminology. Anzanga amati onsewa akunena za mawu kapena za mtanthauziramawu basi. Ngati zili choncho, achulukiranji? Kodi pali kusiyana kwenikweni, kapena akatswiri amangokonda mayina?

Yankho:

Kusiyana kulipo ndithu, ngakhale kuti olemba ena amasinthanitsa mayinawa mosalabadira. Anzanuwo sananame ponena kuti onsewa akukhudza mawu, koma akuwakhudzira mbali zosiyana. Ena akutchula mawu enieniwo, amene ali m'mitu ndi m'kamwa mwa anthu. Ena akutchula phunziro lofufuza mawuwo. Ena akutchula buku, kapena ntchito yokonza bukulo. Chisokonezo chimene ndimachiona kawirikawiri, ngakhale kwa anthu ophunzira bwino, ndi chophatikiza mbali yoyamba ndi yomaliza: kuganiza kuti mawu a chiyankhulo ndi okhawo amene analowa m'mtanthauziramawu.

Vocabulary ndilo dzina losavuta pa onsewa. Limanena za mawu amene munthu, gulu la anthu, buku kapena ntchito inayake ili nawo, ndipo nthawi zambiri limakhala ndi mwini wake: mawu a mwana wa zaka zitatu, mawu a madokotala, mawu amene wolemba wina amakonda. Ndi dzina limene aphunzitsi amalikonda chifukwa limayenda ndi kuwerengera, kuti mwanayu akudziwa mawu angati ndipo pakutha pa chaka adziwe angati. Ophunzitsa ziyankhulo amaligawa pawiri. Pali mawu amene munthu amawamva akawawerenga kapena wina akawayankhula, ndiye pali amene iye mwini amawatulutsa. Oyambawo amachuluka nthawi zonse. Inu nomwe mumamva mawu ambiri a anthu achikulire amene simunawatchulepo ndi pakamwa panu.

Lexicon ndi limene lifunika kukhalapo pang'ono, chifukwa lili ndi matanthauzo oposa limodzi. Linachokera ku liwu la Chigiriki lakuti lexis, lotanthauza liwu kapena kayankhulidwe, ndipo poyamba linkatanthauza buku la mawu. Mpaka lero madikishonale a ziyankhulo zakale monga Chigiriki ndi Chiheberi amatchedwa lexicon. Chitsanzo chodziwika ndi la Chigiriki la Liddell ndi Scott, lomwe linatuluka koyamba m'chaka cha 1843. Koma m'mabuku anu a za ziyankhulo dzinali silikunena za buku ayi. Likunena za nkhokwe yonse ya mawu ndi tizidutswa ta mawu imene chiyankhulo chili nayo, ndipo amaiika moyang'anizana ndi galamala. Galamala ndi malamulo. Lexicon ndi zonse zimene malamulowo sangakuuzeni, zimene munthu ayenera kungozidziwa. Leonard Bloomfield, polemba m'chaka cha 1933, anaiona ngati mndandanda wa zinthu zosatsata lamulo, wongowonjezera pa galamala. Akatswiri ambiri a masiku ano amati anaichepetsa, koma ganizo lakelo limathandiza poyambira.

Taonani motere. Palibe lamulo lililonse limene lingakuuzeni kuti nyama youwa ija dzina lake ndi galu, kapena kuti ikachuluka timati agalu osati magalu. Zimenezo zimakhala m'lexicon. Koma mukangodziwa gulu limene dzinali lili, galamala imakupatsani zotsalazo yokha: galu wanga wathawa, agalu anga athawa. Simunaloweze ziganizo zimenezi. Munaloweza galu, malamulo n'kumaliza ntchito.

Akamati mental lexicon akunena nkhokwe imeneyi monga mmene ilili m'mutu mwa munthu mmodzi. Siili m'ndondomeko ya A mpaka Z. Mumadziwa nthawi zija liwu limakhala pamlomo koma osatuluka: tanthauzo mukulidziwa, lembo loyamba mukulikumbukira, mwinanso kuchuluka kwa maphatikizo ake, koma liwu lonselo lakana. Roger Brown ndi David McNeill anafufuza zimenezi m'chaka cha 1966, ndipo zimaonetsa kuti tanthauzo la liwu ndi kamvekedwe kake sizisungidwa ngati chinthu chimodzi.

Tsono chinthu chimodzichimodzi cha m'nkhokwe imeneyi chimatchedwa lexeme, ndipo apa mpamene Chichewa chimatiphunzitsa zambiri kuposa Chingerezi. Tengani awa: ndamva, sakumva, tikadamva, mudzamve. Papepala ndi mawu anayi. M'lexicon ndi chinthu chimodzi, mneni -mva, ndipo enawo ndi aphatikiri amene galamala yawonjezera. Mneni mmodzi wa Chichewa akhoza kuoneka m'maonekedwe mazanamazana, choncho munthu akakufunsani kuti Chichewa chili ndi mawu angati, yambani mwamufunsa kuti akuwerenga chiyani. Vuto lenileni limabwera pa misintho ya aneni. Kutsekulira ndi kutsekula m'malo mwa wina, ndipo aliyense wodziwa galamala akhoza kulota tanthauzo lake asanalimvepo. Nanga kumvera? Mwana womvera makolo si mwana amene akumva phokoso m'malo mwa makolo ake. Tikati banja lija silimvana sitikunena kuti makutu awo afa. Kumveka kumafika mpaka pa kutchuka. Maonekedwe a mawuwa ndi a msintho wamba, koma matanthauzo anayenda ulendo wawo, motero kumvera ndi kumvana zili ndi malo akeake m'lexicon pomwe kutsekulira sikufunika malo otere. Zining'a nazo n'chimodzimodzi. Kupsa mtima, kutaya mtima ndi kutsina khutu ndi mawu awiriawiri, koma chilichonse ndi chinthu chimodzi choyenera kuchidziwa chonse, chifukwa kudziwa kutsina ndi kudziwa khutu sikukufikitsani pa kuchenjeza munthu mwamseri.

Lexis sindikhalapo nthawi. Limatanthauza mawu onse a chiyankhulo, pafupifupi ngati lexicon, koma limakondedwa ndi akatswiri a ku Britain otsatira J. R. Firth, monga Michael Halliday ndi John Sinclair. Chidwi chawo chinali pa mawu okonda kuyendera limodzi. Firth ananena m'chaka cha 1957 kuti liwu mudzalidziwa poona anzake amene limayenda nawo. Timaimba nyimbo, timaimba foni, timaimbanso munthu mlandu. Ntchito timaigwira, mlandu timaupalamula. Galamala ikanalola kuti tizinena kuti wachita mlandu, koma mwini chiyankhulo amadziwa kuti liwu la pamenepo ndi kupalamula. Mukaona lexis m'buku, yembekezerani nkhani zoterezi.

Tifike pa awiri amene amagwetsa anthu pa mayeso. Lexicology ndi phunziro la mawu; lexicography ndi ntchito yolemba madikishonale. Zomalizira zawo n'zimene zikunena: -logy chimatanthauza kuphunzira, -graphy kulemba. Koma kuloweza zimenezi sikukwanira, chifukwa kusiyana kwenikweni kuli pa zimene anthu awiriwa amaloledwa kuchita.

Wofufuza mawu amafunsa kuti mawu amapangidwa bwanji, anachokera kuti, matanthauzo ake amasintha motani ndipo amalumikizana bwanji. Iye ndi amene angakuuzeni kuti nsapato linachokera ku Chipwitikizi pomwe sukulu linachokera ku Chingerezi. Iye ndi amene amafunsa ngati mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wogulira chinthu ali liwu limodzi, n'kupeza kuti ndi awiri ongolembedwa mofanana, ndipo khutu limawasiyanitsa pa kukwera ndi kutsika kwa mawu, monga zililinso ndi khungu la pathupi ndi khungu la kusaona. Kenako amafika pa mtundu: mtundu wa anthu, mtundu wa galimoto, mtundu wofiira. Apa akuona kuti matanthauzowa ndi a pachibale, ndiye ndi liwu limodzi la matanthauzo angapo. Pakati pa zitsanzo zoonekeratu zimenezi pali zina zambiri zokayikitsa, ndipo wofufuza ali ndi ufulu womaliza nkhani yake ponena kuti umboni ukuloza mbali zonse ziwiri.

Wolemba dikishonale alibe ufulu umenewo. Tsamba likudikira, ndipo pa tsambapo liwu liyenera kukhala ndi malo amodzi kapena awiri. Palibe malo amodzi ndi theka. Ayenera kusankha tanthauzo loyamba, kaya lakale kwambiri kapena lofala kwambiri. Ayenera kusankha pakati pa chiyankhulo ndi chilankhulo, pakati pa mawu ndi mau, kuti liti likhale ndi tanthauzo ndipo liti lingoloza kwa linzake. Ayenera kugamula ngati kupsa mtima akuika pansi pa -psa kapena pansi pa mtima, ngati liwu la achinyamata limene langotchuka lilowe kapena lidikire, ngati mawu otukwana alowe. Pa mzere uliwonse pali chigamulo. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi mabuku amene amangoti lexicography ndi lexicology yogwiritsidwa ntchito. Wolemba dikishonale amatunga kwa wofufuza mawu, inde, koma amatunganso kwa mphunzitsi, kwa wosindikiza, ndipo koposa zonse kwa munthu amene adzatsekule bukulo ali ndi vuto lake. Komanso ntchitoyi ndi yakale kwambiri kuposa phunzirolo. Ku Ebla, mzinda wakale wa m'dziko la Syria, alembi ankalemba mindandanda ya mawu a ziyankhulo ziwiri pa timapale ta dongo zaka zoposa 4,000 zapitazo, kulibe aliyense wotchedwa katswiri wa ziyankhulo.

Kuchuluka kwa zigamulozi n'kumene kumachedwetsa madikishonale aakulu. Samuel Johnson anatulutsa lake la Chingerezi m'chaka cha 1755, la mawu oposa 42,000, atagwira ntchito pafupifupi zaka 9 ndi omuthandiza ochepa. M'bukumo anatanthauzira wolemba dikishonale ngati wantchito yakalavulagaga wosavulaza munthu, nthabwala yodziseka yekha. Ganizo la Oxford English Dictionary linayamba m'chaka cha 1857. James Murray atatenga udindo wa mkonzi mu 1879 ankayembekezera kumaliza m'zaka 10, koma gawo loyamba, lotuluka mu 1884, linangofika pa liwu lakuti ant. Murray anamwalira mu 1915, ndipo ntchitoyo inatha mu 1928. Ku Germany, Jacob ndi Wilhelm Grimm anayamba lawo mu 1838. Jacob anamwalira mu 1863 ali pa lembo F, ndipo ena anadzamaliza mu 1961. Pokhala ntchito ya manja a anthu, zolakwika sizilephera. Dikishonale lalikulu la Webster la 1934 linali ndi liwu lakuti dord, lomwe kunalibe m'Chingerezi. Munthu wina analemba pa kapepala kuti D or d, kutanthauza kuti lembo lalikulu kapena laling'ono limaimira liwu lina la sayansi, ndipo mnzake anawerenga ngati liwu limodzi. Zinadziwika mu 1939.

Chigamulo chovuta kwambiri m'ziyankhulo za Chibantu ndi cha liwu lotsogolera, lija limalembedwa ndi zilembo zakuda kumayambiriro kwa tanthauzo. Amalitcha headword kapena lemma. Musalisokoneze ndi lexeme: lexeme ili m'chiyankhulo, pomwe lemma ndi maonekedwe amodzi amene wolemba wasankha kuti aiimire m'buku. Kodi kumva tikuika pa K kapena pa M? Mukasunga ku- woyambayo, lembo K limeza aneni onse a chiyankhulo. Ndiye ambiri amamuchotsa, ena n'kulemba tsinde lokha, ena n'kugwiritsa ntchito maonekedwe olamula. Mayina ndiye ali ndi nkhondo yawo. Munthu ali pa M, anthu ali pa A, koma ndi liwu limodzi. Olemba ena, monga C. M. Doke ndi B. W. Vilakazi m'dikishonale lawo la Chizulu la 1948, anatsata njira yoika mayina pa tsinde lake. Njirayi imakondweretsa wofufuza mawu, chifukwa m'Chichewa ikanasonkhanitsa munthu, chinthu, kanthu ndi umunthu pafupi, pa -nthu, n'kuonetsa chibale chawo. Koma ganizirani mwana wa sukulu amene wapeza liwu lakuti makasu. Achotse ma- n'kukafuna -kasu, pomwe limodzi ndi khasu? Nanga masamba ndi tsamba, mapiri ndi phiri, mayina ndi dzina? Kuti apeze liwu ayenera kudziwa kale galamala imene mwina ndiyo akuvutika nayo. Ine ndimaima ndi mwanayo: liwu lilembedwe monga limatchulidwira, ndipo kumene maonekedwe asintha kwambiri pakhale cholozera. Koma kusankha kumeneku nako kuli ndi mtengo wake, chifukwa buku limanenepa ndipo mawu a pachibale amamwazikana.

Ngakhale ndondomeko ya A mpaka Z ndi chigamulo chabe. Al-Khalil ibn Ahmad wa ku Basra, m'zaka za m'ma 700, anasanja dikishonale lake la Chiarabu potsata malo amene kamvekedwe ka lembo lililonse kamatulukira, kuyambira pakhosi kubwera kumilomo. Madikishonale ambiri a Chiarabu mpaka lero amasanja mawu pa mizu yake, kotero kuti mawu otanthauza buku, mlembi ndi ofesi amakhala pamodzi pansi pa k-t-b. Ku China, Xu Shen, cha m'ma 100, anasanja zilembo m'magulu 540 potsata kachidutswa kamene zilembozo zimagawana.

Dictionary leni leni nalo lili pawiri, ndipo kusiyanaku n'kwakukulu kuposa mmene anthu amaganizira. La ziyankhulo ziwiri limapereka liwu lofanana nalo m'chiyankhulo china. La chiyankhulo chimodzi limatanthauzira, ndipo ndi limene dzina lathu lakuti mtanthauziramawu limaliyenera kwambiri. Kutanthauzira n'kovuta. Yesani kufotokoza madzi, kapena kufiira, kapena ndi, m'Chichewa chokhachokha, mosagwiritsa ntchito mawu ovuta kuposa amene mukufotokozawo ndiponso mosazungulira n'kubwerera pomwe munayambira. Madikishonale oyamba a chiyankhulo chathu, la Johannes Rebmann losindikizidwa mu 1877 ndi la David Clement Scott la 1892, anali a ziyankhulo ziwiri, olembedwera alendo ofuna kuphunzira. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wolembedwa m'chiyankhulo chomwecho ndi Centre for Language Studies ya University of Malawi, unatuluka m'chaka cha 2000. Achiswahili anali atatulutsa Kamusi ya Kiswahili Sanifu mu 1981, Achishona Duramazwi reChiShona mu 1996. Buku la Scott lija lili ndi liwu lakuti Cyclopaedic pa mutu wake, ndipo limenelo likutikumbutsa malire ena: dikishonale limafotokoza mawu, insaikulopediya imafotokoza zinthu. Dikishonale limakuuzani kuti njovu ndi dzina la gulu liti ndipo limagwiritsidwa ntchito bwanji. Inayo imakuuzani za moyo wa nyamayo. Scott anaphatikiza ziwirizi mwadala, polemba zambiri za moyo wa anthu pansi pa mawu awo.

Anthu ena amaphunzira madikishonale eniakewo, mbiri yawo, kamangidwe kawo ndi mmene owerenga amawagwiritsira ntchito. Phunziro limenelo amalitcha metalexicography kapena theoretical lexicography, ndipo buku la Ladislav Zgusta la 1971 ndi limodzi mwa amene analikhazikitsa.

Glossary ndi kamndandanda ka mawu ovuta a m'buku limodzi kapena a phunziro limodzi, kaja kamakhala kumapeto kwa buku. Dzinali linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza lilime, lomwe linadzayamba kutanthauzanso liwu lachilendo lofunika kulimasulira. Ku Ulaya wakale, owerenga mabuku a Chilatini ankalemba timatanthauzo pakati pa mizere kapena m'mphepete mwa tsamba, ndipo pambuyo pake ena ankasonkhanitsa timatanthauzoto pamodzi. Glossary silonjeza kukupatsani chiyankhulo chonse, ndiponso silipereka matanthauzo onse a liwu. Limangopereka tanthauzo limene likugwira ntchito m'buku lomwelo. Dikishonale loyamba la Chingerezi chokhachokha, la Robert Cawdrey la 1604, linali ndi mawu ovuta okhaokha pafupifupi 2,500, ndiye tingati linali lisanasiyane kwenikweni ndi glossary. Ganizo loti mawu wamba nawonso ayenera kutanthauziridwa linadza pambuyo.

Thesaurus imayenda chobwerera. Mu dikishonale mumapita ndi liwu kukafuna tanthauzo. Mu thesaurus mumapita ndi ganizo kukafuna liwu. Dzinali m'Chigiriki ndi nkhokwe ya chuma. Peter Mark Roget, yemwe anali dokotala, anatulutsa yake mu 1852, atasanja mawu m'mitu 1,000 potsata maganizo osati zilembo. Ndi chida chabwino kwa mwini chiyankhulo amene waiwala liwu, koma n'choopsa kwa wophunzira, chifukwa chimaunjika mawu pamodzi osanena kusiyana kwake. Kufa, kumwalira, kutisiya ndi kutsikira kuli chete zingakhale pa mzere umodzi, koma amene anganene kuti mbuzi yamwalira, kapena kuuza namfedwa kuti mayi ake afa, waonetsa kuti mzerewo sunamuthandize. Chenjeraninso ndi mitu ya mabuku: Thesaurus Linguae Latinae, ntchito imene inayamba ku Germany mu 1894 ndipo sinathebe, ndi dikishonale la Chilatini, osati thesaurus ya mtundu wa Roget.

Terminology limatanthauza zinthu ziwiri: mawu apadera a ntchito inayake, monga a zamalamulo kapena a zachipatala, ndiponso ntchito yosankha ndi kukhazikitsa mawu oterowo. Amene anaimanga ngati phunziro ndi Eugen Wüster, injiniya wa ku Austria, kuyambira ndi buku lake la 1931. Vuto lake linali la mafakitale: anthu awiri opanga makina akatchula chitsulo chimodzi ndi mayina osiyana, zinthu zimaonongeka. Choncho wokonza mawu a ntchito amayambira pa ganizo, n'kulimangira malire, kenako n'kulipatsa dzina limodzi, ndipo cholinga chake n'chakuti ganizo limodzi likhale ndi dzina limodzi. Ali ndi chilolezo cholamula, ngakhalenso chopeka liwu latsopano. Mayina amene timaphunzira m'galamala ya Chichewa, monga mneni, mfotokozi ndi mlowam'malo, anabwera motero. Onaninso liwu lakuti dzina. Pakhomo, dzina ndi lija amakuitanirani. M'kalasi ya galamala, chikondi ndi dzina, mphepo ndi dzina. Liwu lomwelo, koma m'kalasimo lamangidwa malire amene kunja kulibe.

Wolemba dikishonale wamba sapeka mawu. Amalemba zimene anthu akunena, kaya azikonde kaya asazikonde. Wokonza mawu a ntchito akhoza kugamula kuti tiziti lamya, koma anthu akamati foni, wolemba dikishonale ayenera kuika onse awiri n'kuonetsa kumene lililonse limamveka. Owerenga ambiri sakondwa nazo, chifukwa amafuna dikishonale likhale woweruza. Webster's Third New International Dictionary litatuluka mu 1961, mkonzi wake Philip Gove anadzudzulidwa kwambiri m'manyuzipepala a ku America chifukwa chosatsutsa mokwanira mawu monga ain't, amene aphunzitsi ankaletsa. Ine ndimaona kuti zoona zili pakati: wolemba sayenera kubisa liwu limene anthu akugwiritsa ntchito, koma ayenera kuuza wowerenga kuti ili ndi la macheza, ili ndi la m'kalata yofunsira ntchito, ili ndi lakale, ili ndi lonyoza. Kuuza munthu zimenezi ndi mbali ya kutanthauzira.

Pali dzina lina limene simunalitchule koma mukumana nalo posachedwa, lakuti corpus. Ndi zolemba ndi zoyankhulidwa zochuluka zimene zasonkhanitsidwa pa kompyuta kuti zikhale umboni wa mmene mawu amagwirira ntchito. Brown Corpus, ya m'zaka za m'ma 1960, inali ndi mawu pafupifupi miliyoni imodzi a Chingerezi cha ku America. Dikishonale la COBUILD la 1987, lotsogoleredwa ndi John Sinclair ku Birmingham, linamangidwa pa umboni wotere kuyambira pachiyambi, ndipo linaonetsa kuti tanthauzo limene munthu amayamba kuliganizira akamva liwu nthawi zambiri si limene limapezeka kwambiri. Koma corpus si lexicon. Ndi mtsuko wa madzi otungidwa mumtsinje, ndipo zimene zilimo zimadalira pamene munatunga. M'chiyankhulo chimene zolembedwa zake zambiri ndi zachipembedzo, za m'nyuzipepala ndi zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, corpus idzakhala ndi chipulumutso ndi chitukuko kambirimbiri, koma mivekero monga psuu, mbee ndi bii, imene imadzaza pakamwa pa anthu tsiku lililonse, idzaoneka mwa apo ndi apo. Wolemba wodalira kompyuta yokha angaganize kuti mawu amenewa ndi osowa. Ayenera kujambula anthu akucheza, ndipo akatero amakumananso ndi zigamulo zina: psuu alembe ndi ma u angati, ndipo amutanthauzire bwanji mosangoti kufiira kwambiri?

Mukafuna kuona zonsezi ndi maso anu, tengani madikishonale awiri a chiyankhulo chimodzi muwerenge masamba oyambirira, aja aliyense amawadumpha. M'menemo ndi mmene olemba amanena kuti bukulo alembera yani, mawu anawatenga kuti, aneni awaika pa tsinde kapena ayi, zining'a azisunga pansi pa liwu liti, ndipo atsata kalembedwe kati. Kenako funani kumvera m'mabuku onse awiri, muone ngati lapatsidwa malo akeake kapena labisika pansi pa -mva.